Akonzi, clade si giredi ya fodya ayi

Akonzi,

Ndiloleni kampata m'nyuzipepala yanuyi ndidandauleko pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti ena aona ngati ndi dandaulo la nkhalamba yosowa chochita. Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndaphunzitsa Biology m'ma CDSS mpaka choko kundiwumitsa zala, pano ndili kumudzi kuno ku Dowa ndimangolima kafodya ndi soya basi. Nde nkhani yanga ndi ya liwu limodzi lokha, lija mumakonda kulemba mukamanena za mpox, nthenda ija yotulutsa matuza, loti clade. Mumalilemba, a pawailesi amaliwerenga, koma palibe amaima n'kutiuza kuti kodi chimenechi ndi chani.

Chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndinamva mu minibasi tsiku lina ndikuchokera pa Mponela kupita mu Lilongwe, nthawi ija unduna wa zaumoyo unali utangolengeza kumene kuti mpox yapezeka mdziko muno, mu Epulo 2025. Dalaivala anali atatsegula wailesi nde wowerenga nkhani anati kachilombo kapezekako ndi "mtundu wa clade 1b". Bambo wina amene anakhala pambali panga, wooneka kuti ndi mlimi mnzanga wa fodya poona zala zake, anangoti "mwamva? akuti giredi 1B, ndekuti ndi yapamwamba imeneyo, giredi wani samasewera nayo, tatha ife". Mayi wina kumbuyo anatsutsa, akuti ayi bambo inu simunamve bwino, 1B ndekuti nthendayo yangoyamba kumene ili ku Sitandade 1B, ikamadzafika ku 8 ndi pamene tidzalire. Kondakitala naye sanafune kutsalira, iye akuti kwawo anamva zoti ilipo ina ya 2B nde imeneyo ndiye yakula kale kuposa yathuyi. Minibasi yonse phokoso, aliyense ndi dokotala. Ine ndinayesa kutsegula pakamwa koma munthu wopanikizidwa pakati pa thumba la mtedza ndi bondo la mnzako sungaphunzitse Biology, ndinangokhala chete mpaka pa Kanengo.

Koma anthu aja sindikuwaseka ayi. Pakamwa pathu l ndi r ndi amodzi, k ndi g nazo sizitalikirana kwenikweni zikamatuluka pa sipika yong'ambika, nde clade ikalowa m'khutu la Mmalawi imasanduka kiledi kenako giredi, ndipo giredi timaidziwa tonse, ya fodya ku okushoni, ya ntchito m'boma, ya mayeso. Munthu akamva liwu lachilendo amaligwirizanitsa ndi lomwe akulidziwa kale, palibe cholakwika pamenepo. Kuwonjezera apo manambala ake ndi achiroma, nde Ib ija m'nyuzipepala imaoneka ngati lb ya mapaundi, ndipo mdzukulu wanga wa Fomu 2 anandiwerengera IIb kuti "leveni bii". Olakwa ndi ife amene tinapitako kusukulu, ndi inu Akonzi, chifukwa chilichonse chokhudza tizilombo timangochithira m'dengu limodzi lotchedwa "mtundu". Variant ndi mtundu, strain ndi mtundu, subtype ndi mtundu, serotype mtundu, clade mtundunso. Kenako timawonjezera "watsopano" kuti mutu wa nkhani ukome, anthu n'kumaganiza kuti kwabwera nthenda ina yachilendo pomwe ndi yomwe ija.

Liwu loti clade linachokera ku Chigiriki, klados, kutanthauza nthambi ya mtengo. Kwa anthu a sayansi clade ndi kholo limodzi pamodzi ndi onse obadwa kuchokera mwa iye, ana, adzukulu, adzukulutubzi, osasiyako ndi mmodzi yemwe komanso osalowetsamo mlendo. Basi. Mulibemo zoti uyu ndi wamkulu mphamvu, uyu ndi woyamba kuopsa, ayi, ndi nkhani ya chibale chokhachokha, ndani anabadwa kwa ndani. Nde ine ndikamaganiza ndimadabwa kuti tikuvutikiranji, chifukwa ngati pali anthu pa dziko lino odziwa kulongosola zimenezi ndi ifeyo. Pitani pa maliro a mfumu kuno kwathu mukamve mmene agogo amayalira, kuti awa ndi mbumba ya uje, m'mbumbamo muli bere lalikulu ndi bere laling'ono, ufumu umayenda kubere ili osati ilo, awo ndi obwera anangokwatira kuno. Gogo wosadziwa kulemba dzina lake amakujambulira mtengo wonse pamtima mibadwo isanu osaphonya. Chimene azungu akuchitcha clade ndi chimenecho, mbumba. Ndipo nthambi zing'onozing'ono za mkati, zija amaziika a ndi b, ndiwo mabere. Ndikudziwa kuti wowerenga nkhani pawailesi akati "mabere a mpox" anyamata pa gulosale agwa nako kuseka, chabwino, anene kuti nthambi, koma akuluakulu akumudzi akamva zoti bere amva msanga kuposa mmene mukuganizira.

Chimene chimandisangalatsa n'choti fanizoli likukwana bwino kuposa la azungu eni ake. Kachilombo ka vayirasi kalibe bambo. Kakalowa m'selo ya munthu kamangodzikopera kokha, kamodzi n'kutulutsa tambirimbiri, nde mzere wake umayenda mbali imodzi ngati mmene ife Achewa timawerengera kuchikazi. Pokopera paja pena kamalakwitsa chilembo chimodzi, ngati mwana wokopera manotsi a mnzake amene nayenso anakopera kwa wina, ndipo cholakwikacho ana ake onse amachitengera. Aphunzitsi anzanga akudziwa mmene tinkagwirira ana oonerana, ukapeza ana asanu alakwitsa sipelo imodzi mofanana umadziwa kuti gwero ndi limodzi, ukayang'anitsitsa umapeza ndi amene anayambitsa. A sayansi amachita chimodzimodzi, amawerenga zilembo za kachilombo, zinayi zokha A, C, G ndi T zobwerezabwereza, za mpox zilipo pafupifupi 200,000 pomwe ka Covid kali ndi pafupifupi 30,000, n'kuona kuti ndi ati alakwitsa mofanana. Olakwitsa mofanana ndi a bere limodzi. Zoona nthawi zina tizilombo tiwiri tikakumana m'thupi la munthu mmodzi timasinthana zidutswa n'kubereka kamwana kosakanizika, ngati XBB ija, nthambi ya Omicron ya Covid, koma izo ndi za apo ndi apo, ngakhale kumudzi ziliko.

Tsono tiyeni tiyale mbumba ya mpox ngati pamaliro paja. Kachilomboka kanaonedwa koyamba mu 1958 mwa anyani a mu labu ku Copenhagen, dziko la Denmark, n'chifukwa chake kanapatsidwa dzina la anyani loti monkeypox ngakhale kuti anyaniwo anangoberekeredwa mlandu, akatswiri amaloza kwambiri timakoswe ndi agologolo a m'nkhalango. Munthu woyamba kupezeka nako anali mwana wa miyezi 9 ku Congo mu 1970. Kuyambira kale zinkadziwika kuti mbumba zilipo ziwiri, ina ya m'nkhalango za Congo ndi maiko oyandikana nawo, ina ya kuzambwe kwa Africa monga Nigeria, ndipo zinkatchulidwa ndi maina a maderawo. Mu Ogasiti 2022 akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anagwirizana zochotsa maina a malo, ya ku Congo ija inakhala clade I, ya kuzambwe inakhala clade II, yomwe ili ndi nthambi IIa ndi IIb. Mu Novembala chaka chomwecho dzina la nthendayo nalo analisintha kukhala mpox. Nde mwaona, 1 ndi 2 amenewa ndi manambala ongopatsidwa pa msonkhano, ngati manambala a nyumba ku Area 25, nyumba nambala 2 sikuti ndi yaikulu kuposa nambala 1.

Mliri uja unafalikira ku Ulaya ndi ku America mu 2022, mpaka WHO kulengeza mu Julayi kuti ndi vuto la dziko lonse, unali wa IIb, nthambi imene inali ikuyenda mwakachetechete ku Nigeria kuyambira cha mu 2017 anthu akunja osalabadira chifukwa odwala anali akuda okhaokha. Pepani koma ndi mmene ndimaonera ine. Pomwe Ib, yathu ya mu minibasi ija, inatulukira chakumapeto kwa 2023 ku Kamituga, tauni ya migodi ya golide ku South Kivu kuvuma kwa Congo, malo odzaza anyamata okumba, amalonda, madalaivala ndi amayi oyendayenda. Itapezeka imeneyi m'pamene yakale ija ya m'nkhalango inayamba kutchedwa Ia. Kuchokera kumeneko inalowa Burundi, Rwanda, Uganda, Kenya, nde pa 13 Ogasiti 2024 Africa CDC, bungwe loona za miliri la maiko a mu Africa, inalengeza za ngozi mu Africa muno, mawa lake pa 14 WHO nayo inalengeza, pa 15 Sweden n'kupeza wodwala woyamba kunja kwa Africa. Kondakitala uja nde anaphonya, 2B sinakule kuchokera mu 1B, ndi ana a mbumba zosiyana, ndipo IIb ndi imene inayamba kumveka Ib isanadziwike nkomwe.

Wina afunsa kuti nanga ngati ndi chibale chabe, ife zikutikhudza bwanji, bwanji osangoti mpox basi? Funso labwino ndithu, ndipo kwa mayi amene mwana wake watuluka matuza, thupi latentha, mwanabere watupa m'khosi ndi m'mphechepeche, zoona clade ilibe ntchito, athamange naye kuchipatala, asagonane naye mphasa imodzi ndi ana ena, zovala ndi zofunda zake zichapidwe pazokha, zimenezi sizisintha kaya ndi I kaya ndi II. Koma kwa ogwira ntchito zaumoyo dzina la mbumba ndi ngati mapazi a wakuba pa dothi lonyowa. Limawauza kuti nthendayi yadzera njira iti. Ia kawirikawiri imachokera ku nyama za m'tchire n'kugwira ana a m'midzi ya m'nkhalango, n'kuyenda pang'ono m'banjamo. Ib ikuyenda munthu ndi munthu, pogonana komanso pokhudzana m'nyumba, nde ukadziwa kuti wapeza Ib sutaya nthawi kuuza anthu a ku Ntchisi kuti asiye mbewa, umayang'ana malo ogona alendo, m'malire, m'madepoti, ndi m'nyumba zimene anthu agona mothithikana.

Ndipo pali kena kokoma apa kamene ndikanakonda ndikanakaphunzitsa ndili pantchito. Thupi la munthu lili ndi kachida kake, a sayansi amakatcha APOBEC3, kamene kamayesa kuwononga kachilombo posintha zilembo zake mwa njira yakeyake yodziwika. Kachilombo kakapulumuka kamatuluka ndi zipsera zimenezo, ngati mphini za sing'anga, ndipo ana ake amabadwa nazo. Nde akatswiri atawerenga zilembo za IIb, kenakonso za Ib, anapeza mphinizi zambirimbiri, n'kudziwa kuti aka sikanangotuluka m'tchire dzulo, kakhala kakudutsa m'matupi a anthu nthawi ndithu. Chinanso, Ib inataya kachidutswa kena ka zilembo zake, ndipo mwatsoka kachidutswa komweko ndi kamene makina ena oyezera tizilombo, otchedwa PCR, ankafufuza pofuna kuzindikira clade I, nde zoyezera zina zinkaiphonya mpaka anazikonza. Tangoganizani mlonda amene anauzidwa kuti wakuba amavala chipewa chofiira, wakubayo n'kubwera wavula chipewa. Apa m'pamene dzina la bere limapulumutsa anthu.

Za kuopsa ndinenepo pang'ono poti bambo wa fodya uja ndi zimene zinamudetsa nkhawa. Mabuku akale ankati clade I imapha kwambiri, pena mpaka munthu mmodzi mwa 10 alionse, pomwe IIb ya mu 2022 inapha ochepera mmodzi mwa 100. Nde tinganene kuti bamboyo analasa mwangozi, ngati wotchi yakufa imene imalondola kawiri patsiku. Koma Ib, ngakhale ndi ya mbumba yoopsayo, yaonetsa kupha ochepa kuyerekeza ndi mkulu wake Ia. Komanso imfa sizibwera ndi kachilombo kokha, mwana wonyentchera wa m'mudzi wopanda chipatala ndi bambo wonenepa wa ku London sangafanane ngakhale atadwala kachilombo kamodzi, ndipo munthu amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV ndi amene mpox imamuzunza zedi. Zimenezi ndi zimene mukanamalemba mu mitu yanu, osati "mtundu woopsa wafika".

Tsono ndibwere pa chimene chimandiwawa kwambiri pa liwu loti mtundu. M'Chichewa mtundu si wa chimanga wokha, mtundu ndi anthu. Ukafunsa munthu kuti ndinu mtundu wanji akuyankha kuti Mlomwe, Mtumbuka, Myao. Nde mukalemba kuti "mtundu wa ku Congo" khutu la munthu wamba silimva kachilombo, limamva anthu a ku Congo. Ife kuno ku Dowa tili ndi Dzaleka pafupi, muli abale athu ambiri othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena anabadwira pompano sanapondeko ku Kivu chibadwire, timagula nawo tomato ndi kusoketsa zovala kwa iwo. Nkhani ya mpox itangomveka ndinamva ndi makutu anga anthu pa msika akuti musamagule mandasi kwa amenewo ndi amene abweretsa. Palibe anayeza munthu, palibe anaona tuza ndi limodzi lomwe, liwu lokha ndi limene linagamula mlandu.

Kodi taiwala kale zimene zinatichitikira ife tomwe? Mu Novembala 2021 a sayansi a ku Botswana ndi South Africa, anthu ngati Sikhulile Moyo ndi Tulio de Oliveira, anagwira ntchito yabwino, anaona nthambi yatsopano ya Covid n'kuuza dziko lonse mwachangu osabisa. Pa 26 Novembala WHO inaitcha Omicron. Malipiro ake anali otani? Britain ndi America anatseka zitseko kwa maiko a kumwera kuno, Malawi yemwe analowa m'gulumo pomwe ife tinali tisanalengeze n'komwe kuti taipeza, anthu anataya matikiti, ena analephera kubwerera kusukulu ndi kuntchito, mpaka a Chakwera, pulezidenti nthawi imeneyo, analemba pa Facebook kudandaula kuti zimenezi ndi kusala Aafirika osati sayansi. Patangopita masiku ochepa dziko la Netherlands linapeza kuti Omicron inalimo kale mwa iwo South Africa isanalengeze. Kumene nthambi yaonedwera koyamba sikumene inabadwira ayi, ndi kumene kuli munthu wamaso. N'chifukwa chake kuyambira pa 31 Meyi 2021 WHO inali itayamba kale kugwiritsa ntchito zilembo za Chigiriki m'malo mwa maina a maiko, ija tinkaiti ya ku Joni inakhala Beta, ya ku India inakhala Delta. Beta imeneyo ndi imene inatisautsa mu Januwale 2021, mwezi umene tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo ndikukumbuka mmene anyamata obwera ku Joni pa Khirisimasi ankalozedwera zala m'midzi ngati afiti. Zinatiwawa azungu atatichita, nde ife tizichitanso kwa a ku Dzaleka?

Mwina muziti bambowa akufuna mawu onse aja asanduke mbumba. Ayi, si onse. Pali pena pamene kusiyana kwake si kwa chibale chokha koma kwa mmene thupi limazindikirira mdani, apo azungu amati serotype, ndipo apa m'pamene munthu wamba ayenera kutchera khutu chifukwa zimakhudza katemera. Poliyo ndi chitsanzo. Alipo atatu, 1, 2 ndi 3, ndipo chitetezo cha mmodzi sichikutchinjiriza kwa mnzake, ali ngati maloko atatu aliyense ndi kiyi wake. Wam'tchire wa nambala 2 analengezedwa kuti watheratu mu 2015, wa nambala 3 mu 2019, watsala 1 yekha. Alimi a ng'ombe ku Chikwawa ndi Nsanje akudziwa zomwezi pa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene alipo asanu ndi awiri, atatu mwa iwo SAT 1, SAT 2 ndi SAT 3 ndi a kuno kwathu ndipo amasungidwa ndi njati. Ukabaya ng'ombe katemera wa SAT 1 kukabwera SAT 2, ndalama zako zapita m'madzi. Pomwe kwa mpox sizili choncho, katemera wake ndi wochokera ku wa nthomba, nthenda ija inathetsedwa padziko lonse mu 1980, ndipo amagwira ku mbumba zonse ziwiri. Mwaona kusiyana kwake? Koma m'nyuzipepala zonsezi ndi "mtundu", nde munthu adziwa bwanji kuti apa katemera ndi mmodzi, apo ndi osiyana? Ine ndikanati pa zoterezi tizinena kuti loko wina kiyi wina, kapena mupeze mawu abwino kuposa anga, bola asakhale omwe aja.

Poliyo yemweyo anationetsanso ubwino wodziwa chibale. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo wam'tchire, koyamba kuchokera mu 1992, pomwe Africa yonse inali itapatsidwa kale satifiketi mu Ogasiti 2020 kuti yathana naye. Anthu anayamba kunena kuti ndekuti ankatinamiza, analipo nthawi yonseyi. Koma atawerenga zilembo zake anapeza kuti ndi wa bere la ku Sindh, ku Pakistan, mlendo wochita kubwera, n'chifukwa chake satifiketi ija sinalandidwe ndipo katemera wa khomo ndi khomo anayenda kuno, ku Mozambique, Zambia ndi Tanzania. Kopanda kudziwa mbumba yake bwenzi tikungolozana.

HIV nayo ili ndi zake, ngakhale sitizimva kawirikawiri. Pali HIV-1 ndi HIV-2, awa ndiye tingati mitundu iwiri ndithu, wachiwiriyo amapezeka kwambiri kuzambwe kwa Africa ndipo mankhwala ena ngati nevirapine ndi efavirenz samugwira. Mkati mwa HIV-1 muli mbumba zotchulidwa ndi zilembo, A, B, C, D mpaka uko, ena amati subtype ena amati clade, chinthu chake chimodzi. Kuno ku Malawi ndi maiko otizungulira yofala ndi C, ku America ndi ku Ulaya yofala ndi B. Ndinamvapo mnyamata wina amene anaziwerenga pa intaneti akuuza anzake kuti yathu ndi ya giredi C, n'chifukwa chake mankhwala ake amatipatsa otsika. Bodza lamkunkhuniza. Ma ARV amene anthu akulandira m'zipatala zathu amagwira C bwinobwino ngati mmene amagwirira B, C si malikisi a mayeso ayi. Koma mwaona mmene giredi ija imabwererabwerera, ndipo bodza lotere likamera m'mutu mwa munthu wotopa kale ndi kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, mawa asiya.

Ndikudziwa kuti anzanga ena a Chichewa anditsutsa, ati mbumba ndi ya anthu, ili ndi mwini wake, ili ndi nkhoswe, simungaipereke kwa kachilombo. Ena a kumpoto ndi Angoni ati ife timawerengera kuchimuna, za mabere zanuzo ndi za Achewa. Ndavomera, tikambirane, mwina fuko, mwina nthambi, mwina mzere, Chichewa si changa ndekha. Paja ngakhale liwu loti kachilombo linali la tinthu touluka ndi tokwawa, tinachita kulibwereka, lero palibe amadabwa nalo. A Centre for Language Studies ku Zomba alipo, a unduna wa zaumoyo alipo, inu atolankhani mulipo, kukhala pansi masana amodzi ndi botolo la Sobo mukhoza kugwirizana mawu anayi kapena asanu oti nonse muzigwiritsa ntchito mofanana, m'malo moti wailesi iliyonse izipeka zake mliri utafika kale pakhomo.

Pakadali pano pempho langa kwa inu Akonzi ndi laling'ono. Mukamalemba clade Ib muziwonjezera kachiganizo kamodzi kokha konena kuti imeneyi ndi nthambi ya banja la kachilombo ka mpox, si giredi, si siteji ya matenda. Nambalayo muziilemba 1b kuti ana athu asamawerenge mapaundi. Dzina la dziko muzilitchula pokhapokha mukunena kumene odwala ali, osati ngati chiwongo cha kachilombo. Ndipo mtolankhani wanu akapita kukafunsa adokotala asamachoke asanafunse mafunso awiri, kodi zoyezera zomwe tili nazo zikuigwira, nanga katemera yemwe alipo akugwira? Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene ine ndikanakonda kumuuza bambo wa fodya uja, koma anatsikira pa Lumbadzi ndisanapeze mpweya, ndipo mpaka lero ayenera kuti akuuzabe anthu kumudzi kwawo kuti boma linalengeza giredi wani.

Ndine wanu wowerenga nthawi zonse,

Mphunzitsi wopuma,
Dowa